Nkhope za m'Buku la Amalume

Bukulo linali la mapepala a matumba a simenti. Amalume ankatola matumbawo kumene anthu akumanga nyumba, n'kusenda pepala lapakati limene simenti sinalikhudze, kulidula ndi lezala, kulisita ndi nsimbi ya makala ya amayi, kenako n'kusoka ndi ulusi womasula pa thumba la ufa. Chikuto chake chinali katoni ya sopo. Ukalitsegula linkanunkha zinthu ziwiri, fumbi la simenti ndi sopo wochapira, ndipo mpaka lero ndikadutsa pamene anyamata akuumba mabuloko, mtima umandigunda ngati ndaba kanthu. Ndine gogo tsopano, mano otsala ndimawadziwa onse ndi lilime, koma fungo limenelo silinakalambe nane.

Tinkakhala ku Chowa, komboni ya m'tauni ya mgodi, m'nyumba ya zipinda ziwiri: ine, amayi, ndi amalume, mlongo wawo wamng'ono wa amayi. Bambo anali atamwalira ndisanayambe sukulu. Agogo obala amayi ndiwo adachokera ku Malawi wapansi kudzalowa mu mgodi, ndipo ngakhale amayi ndi amalume adabadwira m'tauni momwemo, Chibemba akuchilankhula ngati eni ake, anthu ankatitchulabe aNyasalande. Masiku abwino linali dzina loseka nalo pampopi. Masiku oipa anthu omwewo ankakumbukira kuti aNyasalande amadziwa mankhwala. Ine ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi, ndipo tsiku loipa ndinali ndisanalione.

Ntchito yodyera ya amalume inali yolemba zikwangwani: mitu yometedwa bwino pakhoma la ometa tsitsi, nkhuku yonenepa pakhomo la golosale, botolo lotuluka thukuta pa tavani. Imeneyo ankaigwira ngati munthu wosesa pabwalo la eni. Mtima wawo unali mu sutikesi ya pansi pa bedi, mmene munali makomiki, timabuku ta nkhani zojambula m'mabokosi tija, togula pamsika titang'ambika kale zikuto. Munali amuna a mapiko, akazi onyamula malupanga aatali kuposa iwo eni, mizinda yolendewera m'mitambo, zilombo za maso asanu ndi limodzi. Ankasamba m'manja asanatsegule sutikesiyo, chinthu chimene nthawi zina ankachiiwala pa nshima.

Tsiku lina adandilozera kampata koyera pakati pa mabokosi awiri. M'bokosi loyamba munthu adakweza lupanga. M'lachiwiri chilombo chinali chitagwa kale.

"Apa pali chani, kapitao?" Ankanditchula kapitao, ngati woyang'anira anthu mu mgodi.

"Palibe."

"Nanga wachipha ndani chinyama? Ine sin'naone. Ndiwe wachipha, mu mutu mwako. Wojambula amaika chabe ichi na ichi, vapakati anthu amadzijambulira okha."

Ndidaseka tsiku limenelo. Zaka zandiphunzitsa kuti si makomiki okha amene amayenda choncho. Anthu apatseni zithunzi ziwiri, chachitatu adzajambula okha, ndipo sadzakufunsani ngati chili choona.

Ankajambula tsiku lililonse, nkhope zisanu asanadye nshima ya masana. Ankati dzanja ndi galu, ukaleka kuyenda nalo limakuiwala. Mapensulo awo anali tizidutswa tofupika ngati chala changa chaching'ono, tosongola ndi lezala n'kulowetsa m'bango kuti tigwirike, ndipo ankatisunga m'kachitini ka fodya wamphuno. Chofufutira chinali kachidutswa ka patapata wakale. Mthunzi ankaupaka ndi chala chachikulu, chimene chinali chakuda ngakhale Lamlungu. Ndipo ankayamba ndi khutu. Osati diso, osati mphuno. "Diso limadziwa kuti uliyang'ana, limavala jekete," ankatero. "Khutu silidziwa kanthu, limakhala chabe mmene Mulungu analisiyira." Kuchokera kukhutu ankatsika ndi chibwano, n'kukweranso, ndipo mwadzidzidzi munthu ankatuluka m'pepala la simenti ngati akuvuuka m'madzi.

Zodula zotsala za mapepala zinali zanga. Adandiphunzitsa kugwira pensulo osati mmene timagwirira polemba, pafupi ndi nsonga zala zitauma, koma kumtunda, momasuka, ngati wagwira phiko la ngumbi wosafuna kulithothola. Masabata awiri ndidajambula makutu okhaokha: a amayi akusankha nyemba, a mphaka wa aneba, anga omwe pa kachidutswa ka galasi. Tsiku lina adanyamula kapepala kanga, kukayang'ana patali, kukayang'ana pafupi, nati, "Kapitao, dzanja iyi izanipitirira." Mawu amenewo ndidagona nawo ngati mwana wa chidole.

Ndidatengera zambiri. Mpaka lero munthu akabwera pakhomo panga ndi mawu okoma, kaya wogulitsa mankhwala a miyendo kaya mneneri wa mpingo watsopano, ndimamusiya alankhule ine ndikuyang'ana khutu ndi phewa. Ana anga amati sindikhulupirira munthu. Sindikana.

Vuto la amalume linali lakuti anthu amphamvu zawo sakhala phee. Amayi a pamsika akawaona atulutsa buku ankadziphimba ndi chitenje n'kuwathamangitsa ndi mawu amene sindingalembe pano. Amuna a pa siteshoni ya mabasi ankatulutsa malilime dala. Ana ankaunjikana pamsana pawo n'kutseka kuwala. Mpaka idafika nyengo yozizira ya chaka chimenecho, mphepo ya Juni ikuulutsa fumbi lakuda la ku phiri la zotaya za mgodi n'kulimwaza pa zovala zoyanika, milomo yathu itang'aluka, miyendo itatuwa ngati yapakidwa phulusa. M'nyengo imeneyo amalume adapeza anthu awo.

Anali madala amene adakalambira mu mgodi. M'mawa uliwonse akazi awo kapena azipongozi ankawatulutsa panja ngati mphasa, kuwakhazika kukhoma loyang'ana dzuwa, bulangete m'miyendo, kachitini kolavulira pambali. Ankakhala pamenepo mpaka dzuwa litatembenuka, akutsokomola, akuyang'ana njira. "Odwala sagwedezeka, kapitao," adatero amalume pobwera tsiku loyamba, maso akuwala. "Ola yonse munthu sanasunthe na khosi!"

Sadanditume. Ichi ndikufuna chimveke. Ndidadziyambira ndekha. Popita kusukulu, pochokera kumpopi, ndinkasuzumira m'mipanda ya nkhadze kufunafuna makoma a dzuwa. Ndikapeza mdala watsopano ndinkaima n'kumuyang'anitsitsa kuti ndione ngati ndi wokhazikika kapena wotakataka, kenako liwiro kunyumba: amalume, kuseri kwa chigayo kuli wina, ali na makutu yakulu, sagwedezeka ngakhale ntchentche imutere. Ndinkadziona ngati kapitao weniweni.

Iwo ankapita ndi ulemu wonse. Ankagwada, kuomba m'manja, kupereka moni m'chilankhulo cha mwini khomo, kaya Chibemba, Chilenje kapena chathu, n'kutulutsa kafodya kapena banzi. Kenako ankakhala pansi, buku pabondo, n'kufunsa za pansi pa nthaka: mdima wake, madzi ake, anzawo amene sadatuluke. Madalawo ankalankhula. Ndani wina ankakhala nawo? Ana awo omwe ankawadutsa ngati akudutsa mtondo. Mmodzi, wa tsidya la njira yathu, amene mwala udamudula zala ziwiri, ankawadikira amalume atavala chipewa chake cha kutchalitchi. "Unibwezere mano yonse, mwaiche, na zala zanga ziwiri," ankatero, akuwatchula "mwana" m'Chibemba. "Madokotala banalephera, tione iwe."

Ndipo amalume adamubwezera. Pakuti nkhope za kumayambiriro kwa buku zinali mbewu chabe. Munda unali kumapeto, kumene ankajambula komiki yawoyawo. M'nkhani yawo, pansi pa phiri lakuda lija panali dziko la misewu yowala ndi mitsinje yoyenda chokwera. Madala a ku Chowa anali kumeneko ndi nkhope zawo zomwezi, makwinya ndi makutu awo, koma pa matupi a ziphona, ndipo pamphumi pamene pankakhala nyali ya mgodi panali nyenyezi yeniyeni. Mdala wa zala zitatu ndiye ankawatsogolera, zala zonse zisanu zitagwira chingwe, atakwera njoka yaikulu ya mapiko a malata imene inkaboola thanthwe kukatulutsa anthu otsekeredwa. Amalume akasamutsa nkhope kuchoka kumayambiriro kuilowetsa m'nkhani, ankatenga pensulo yofiira ya akalipentala n'kudula mzera pa chojambula choyambacho, kuchokera ngodya kufika ngodya, kuti asagwiritse nkhope imodzi kawiri. Basi. Tanthauzo la mzera wofiira linali limenelo.

Mdala wa zala zitatuyo adaliona tsamba la njokalo, ine ndilipo. Adaliyandikitsa kumaso, kuwerenga zala zake ndi chala chotsala, kenako adaseka mpaka chifuwa chidamugwira, misozi ikutsika m'makwinya. "Usaonetse bakazi banga," adatero atapeza mpweya. "Bazakamba ati nili na mphamvu, niyambe kutema nkhuni." Amalume adasunga pangano. Ndiye kuti mboni yokhayo imene ikadawathandiza inali munthu wotsala ndi masabata ochepa.

Amayi adaiona njokayo kamodzi akusesa, ndipo tsache lidaima.

"Iwe, unakulira kuti? Njoka na nkhope ya munthu pa pepala imodzi, sudziwa kuti kuno baitana chani?"

"Ba sisi, munthu ali pamwamba, njoka ili pansi. Ni hachi yake chabe."

"Uzakafotokozera ndani? Ichoke mu nyumba mwanga."

Amalume adaseka, n'kuwajambula amayi pomwepo ndi tsache lawo, atawaika mapiko. Amayi adakalipa, koma ndidawaona akubisa kumwetulira. Ine nditafunsa dzina la chinthucho adandiuza kuti ndikatsuke mbale. Ndidalimva kwa anzanga kusukulu: ilomba, njoka imene mfiti imaweta, ya nkhope ya munthu, yodya moyo wa anthu pang'onopang'ono mpaka atauma.

Woyamba kumwalira anali wa kuseri kwa chigayo. Patapita masabata awiri, wina wa kufupi ndi njanji. Palibe adadabwa, chisanu chinkatenga madala chaka chilichonse, monga mvula imatengera makoma a zidina zosaotcha. Kenako, Julaye ali pakati, adapita mdala wa zala zitatu. Amalume adakumba nawo manda, adalira ngati mwana wobala. Pamaliro pomwepo ndidamva mayi wina akunong'oneza mnzake, akupakula nyemba: atatu onse, mNyasalande wa pensulo uja adakhala nawo. Mnzakeyo adangotembenuka kuyang'ana amalume.

Zinthu zotere sizibwera ndi ng'oma. Wometa tsitsi adapaka laimu pa mitu yonse ya pakhoma pake, nati akufuna kusintha maonekedwe. Madala adaleka kutulutsidwa kukhoma la kunjira. Ndikasuzumira m'nkhadze ndinkapeza mpando wopanda munthu. Mayi wa aneba amene ankabwereka nsimbi yathu adayamba kukabwereka nyumba yachitatu. Amalume sadaone kanthu. Munthu woona khutu la aliyense, koma msana wa anthu ukumutembenukira sadauone. Ankangodandaula kuti nkhope zisanu zikuvuta kukwana.

Aphunzitsi athu ndinkawakonda kuposa munthu aliyense kupatula amalume. Anali mayi wamtali wa mawu ofatsa, woimbitsa kwaya ku mpingo wathu. Sankamenya ndi rula ngati ena, ndipo ankandiuza kuti ndili ndi maso akuthwa. Sabata yotsatira maliro adatiuza kuti aliyense ajambule mnzake wokhala naye pa desiki. Ana onse adayamba ndi chozungulira ngati dzungu. Ine ndidayamba ndi khutu. Ndidamva fungo la mafuta awo odzola pamsana panga, ataima nthawi yaitali.

"Wakuphunzitsa ndani ivi, mwana wanga?"

Ndidawauza za amalume ndi buku lawo, ndi kunyada kwa nkhuku yoikira dzira loyamba. Adati angakonde kuliona, tsiku limodzi lokha. Ndisawavutitse amalume ndi kupempha, adzabweza m'mawa mwake. Lachinayi amalume adapita kukapenta tavani ya ku Makandanyama, buku atalisiya kuopa penti. Ndidalisolola pansi pa pilo n'kuliika pakati pa makope a sukulu.

Adalitsegula pa tebulo pawo nthawi yopuma. Adamwetulira pa tsamba loyamba, ndi lachiwiri. Atafika pa mdala wa zala zitatu, mzera wofiira utadutsa pankhope, adaika dzanja pakamwa. Sindinkadziwa kuti mdalayo anali apongozi awo, bambo wa amuna awo. Pamaliro ndidawaona, koma Chowa yonse inalipo. Kodi ankadziwa chimene akufuna pamene ankandipempha? Funso limeneli ndalitembenuza zaka zonsezi ngati chimanga pa mbaula. Masiku ena ndimati adangokonda khutu lija. Masiku ambiri ndimati ankadziwa.

Madzulo ake amalume adalifuna bukulo. Adatembenuza matiresi, adakutumula sutikesi, adafunsa amayi kawiri. Ine ndidathandiza kufuna.

Loweruka masana adabwera. Mkulu wa mpingo patsogolo, aphunzitsi, mayi wamasiye wa mdala uja ndi ana ake aamuna awiri, ndipo kumbuyo kwawo Chowa yonse, ena mpaka kukwera pa mulu wa zidina wa aneba. Bukulo adalinyamula m'beseni. Adaliika pa mpando pakati pa bwalo, ndipo palibe adalikhudza ndi dzanja. Mkulu wa mpingo ankatembenuza masamba ndi kamtengo. Mizera yofiira inali isanu ndi iwiri. Atatu anali m'manda. Anayi anali amoyo, ndipo mmodzi wa iwo adabwera naye pa wilibala atamufunditsa bulangete. Ataona nkhope yake yodulidwa adayamba kunjenjemera mpaka wilibala kulira. Kenako kamtengo kadatsegula tsamba la njoka, ndipo dzina limene amayi adakana kundiuza lidatuluka m'makamwa onse nthawi imodzi.

Amalume adafotokoza. Adafotokoza za mzera, za nkhani, za nyenyezi pamphumi. Adathamangira m'nyumba n'kutulutsa sutikesi kuti anthu aone kuti kunja kuli ena amene amajambula zotere n'kumalera nazo ana. Zidangoipiraipira. Mwana wa malemu adatola komiki imodzi ndi nsonga za zala, chilombo cha maso asanu ndi limodzi chikuyang'ana khamu, nati, "Onani mabaibulo yake." Amayi adaima pakhomo, manja m'chitenje.

Mkulu wa mpingo sanali munthu woipa, ndiyenera kunena. Adakweza dzanja kuti anthu akhale chete, nafunsa funso limodzi, mofatsa. "Mwana wanga, Chowa ili na anthu ambiri. Unadziwa bwanji nyumba za aba okhaokha? Ena bakhala kuseri, pa njira sibaoneka. Anakulangiza ndani?"

Amalume adatsegula pakamwa, adandiyang'ana kamodzi, natseka.

Ine ndidaona kuti funsolo ndi lophweka, ndipo yankho ndili nalo. Ndidaganiza kuti ndikalinena anthu aseka n'kubwerera kwawo, ndipo mlandu wanga woba buku ufufutika. Ndidatuluka kuseri kwa amayi n'kukaima pafupi ndi mpando.

"Ndine nimabapezera! Nimayenda mu mipanda kusakila odwala maningi, chifukwa odwala sagwedezeka. Nikapeza nimauza amalume."

Wilibala idaleka kulira. Mayi wamasiye adandiloza. "Ni zoona. Ninakaona aka, kaimirira pa mpanda wathu, kayang'ana bamuna banga kosaphethira." Wina kumbuyo adati bakaphunzitsa kale. Wina adati tumfiti tung'ono ndiye toipa. Anthu aja, amene anali atazungulira mpando, ndidawaona akusuntha pang'onopang'ono kuzungulira ine, ndipo mmodzi wa ana a malemu adawerama kutola chidutswa cha chidina.

Khofi la amayi sindidalione likubwera. Ndidangopezeka pansi, fumbi m'kamwa, khutu likulira ngati belu la sukulu. Anali asanandimenyepo kumaso chibadwire.

"Waboza iwe! Mwana uyu ni waboza kuchokera ku bele, funsani aliyense! Dzulo anakamba ati ndeke yatera pa msika. Afuna chabe kuoneka pa anthu!"

Za ndekezo sindidanenepo. Ndidayang'ana amalume kuti anene. Iwo adandiyang'ana ngati akuona galu wa eni.

"Aka?" adatero, naseka kuseka kouma. "Aka sikadziwa na kugwira pensulo. Kakanikonkha nimakapitikitsa. Nimayenda nekha ine, nyumba izi ninazipeza nekha."

"Ninamuuza za njoka," adatero amayi, osayang'ana mlongo wawo. "Ninamuuza ati ichoke. Manje achoke nayo. Mu nyumba mwanga sagonamo futi."

Panali munthu mmodzi pabwalopo amene ankadziwa kuti pensulo ndimaigwira, ndi kuti ndimayamba ndi khutu. Chojambula changa chinali m'kabati yawo kusukulu. Aphunzitsi adandiyang'ana ndili pansi, nthawi yaitali, kenako adayang'ana kumbali. Sadanene. Chabwino chimenecho ndimawasungira, chimodzi chokhacho. Chidina chija chidagwa pansi.

Chigamulo chinali chakuti mabuku apse, ndipo mwini wake achoke m'tauni. Adawauza kuti ayatse okha. Amalume adagwada, chala chakuda chija chikukhwatcha machesi katatu asanayake. Mapepala a simenti adapsa msanga, mwaulemu. Makomiki ndiwo adavuta: inki yake idatulutsa moto wobiriwira ndi wabuluu, ndipo anthu adabwerera m'mbuyo akufuula kuti onani, onani umboni. Phulusa lidauluka ndi mphepo ya Julaye n'kukatera pa zovala za anthu omwewo. Mdala wa pa wilibala adakhala zaka zina zinayi, ndipo banja lake lidanena kuti moto uja ndiwo udamupulumutsa.

Madzulo amenewo amayi sadaphike. Adakhala pa mphasa, dzanja lamanja atalibisa m'khwapa ngati lapsa, ndipo atandiyandikira ndi kansalu konyowa kuti andipukute tsaya, ndidawakankha. Kuyambira pamenepo adandilera ndi mawu awiri: tsitsa maso. Kumpopi, tsitsa maso. Pamaliro, tsitsa maso. Adandikhazika kutsogolo m'tchalitchi, adandilowetsa m'kwaya ya aphunzitsi omwewo, kuti Chowa indione ndikuimba. Sindidajambulenso. Maso okha ndiwo adakana kutsika. Adangophunzira kuyang'ana mobisa.

Zonsezi zabwerera chifukwa cha mdzukulu wanga wamkazi amene ndimakhala naye kuno ku Natuseko. Za amalume sindidamuuzepo, koma magazi sagogoda polowa. Amadzaza makope ndi atsikana a maso aakulu ngati mbale, a mapiko ndi malupanga, ena amawajambula ndi chala pafoni n'kutumizira anthu amene sadziwa ngakhale kwawo. Mwezi wathawu ndidawodzera kukhoma la dzuwa, bulangete m'miyendo, ndipo nditadzidzimuka ndidamupeza atakhala pansi, kope pabondo. "Gogo, osagwedezeka, natsala pang'ono." Ndidalanda kopelo. Iye anali atayamba ndi diso, ndipo linali diso la nkhalamba yokayikira aliyense, adalikhoza. Ndidamuuza kuti ine andijambule mmene akufunira, koma nkhope ya neba aliyense ndikaipeza m'makope ake ndidzaiotcha ndekha. Tsopano makope odzaza ndimawatsekera m'thiranki yanga, kiyi m'khosi. Iye amauza anzake kuti gogo amadana ndi zojambula zake. Ndimamumva pawindo. Ndimamusiya.

Usiku wa Loweruka lija amalume adagona kwa mkulu wa mpingo kuopa anyamata, ndipo m'mawa wa Lamlungu, belu lisanalire, adabwera kudzatenga zovala. Adandipeza kumpopi ndekha. Ana ena anali atachotsa zidebe zawo nditangofika. Tsaya linali litatupa mpaka kukhutu. Adaima kumbuyo kwanga ndi kamtolo komanga m'shati, pakuti sutikesi idapsera limodzi ndi makomiki.

"Kapitao."

Sindidatembenuke. Ndidamva kachitini ka fodya kakulira, timapensulo tikugundana m'kati, akundipatsira paphewa.

"Sunga utu. Ukakula..."

"Sinidziwa kugwira pensulo," ndidatero, ndikuyang'ana madzi akukwera m'chidebe.

Adaika kachitiniko pa simenti ya mpopi, ndipo ndidadziwa, mmene munthu umadziwira ndi msana, kuti akuyang'ana khutu langa lotupalo. Mapazi awo adalowera cha ku siteshoni. Chidebe chitadzaza ndidasenza n'kusiya kachitiniko pomwepo, ndipo pobwera ulendo wachiwiri kanali katapita.

Sadabwerenso. Tidamva kuti ali ku migodi ya kumpoto akulemba mabotolo pa makoma a matavani, ndipo uthenga wa maliro awo udatipeza ndisanakwatiwe, atawaika kale. Amayi adamwalira osatchulapo za Loweruka lija, ine osawafunsa.

Pampopi paja ndinkadziwa zinthu zitatu, ndipo ndinkazidziwa ndi mtima wonse: kuti ndidanena zoona, kuti amayi adandinamizira pamaso pa anthu, ndi kuti amalume adandikana. Zonse zinali zoona. Ndidaziika m'mabokosi motsatana, chapakati n'kudzijambulira ndekha. Chidina chija ndidachiona chikutoledwa, ndidachionanso chikugwa, koma mwana wa zaka zisanu ndi zinayi sadafunse chimene chidachigwetsa. Sindinkadziwa kuti pabwalo paja pankayenera kuchoka mfiti imodzi, ndi kuti anthu awiri, osapangana, osayang'anana n'komwe, adasankha kuti isakhale ine.